Mlendo wogona m'kati mwa kachirombo

M'chaka cha 2004, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, chomwe ambirife timangoti ku Gulupu, kudafika mwana wa zaka ziwiri thupi lili moto. Adamupeza ndi malungo, magazi adali atachepa m'thupi mwake, koma kachirombo ka HIV adalibe.

Monga amachitira ndi ana ambiri odwalika, achipatala adamutenga magazi pang'ono n'kuwathira m'botolo la madzi omwe tizirombo timaswanamo msanga. Ankafuna kuona ngati m'magazimo mudali mdani wina kupatula malungo. Adalimodi. M'botolo muja mudaswana tizirombo ta mtundu wa Salmonella. A mu labotale adatipatsa nambala yoti D23580 n'kutisunga mufiriji.

Dzina la mwanayo lidatsala m'mabuku a chipatala, monga kuyenera. Koma nambala ija idawoloka nyanja. Lero akatswiri a ku England, ku America ndi maiko ena akafuna kufufuza za matenda amenewa, kawirikawiri kachirombo komwe amayambira ndi komweko kochokera ku Gulupu.

Chidatchukitsa kachiromboka ndi zimene adapeza atawerenga chibadwa chake chonse, chilembo ndi chilembo. M'kati mwake mudali mutagona alendo. Alendowo ndi mavairasi omwe adalowa kalekale n'kukhazikika. Awiri mwa iwo adali achilendo kwa asayansi, moti adawatcha dzina la mzinda wa Blantyre.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kafukufuku waonetsa kuti mawuwa ndi oona ngakhale pakati pa tizirombo. Kungoti kumeneko kalumoko nthawi zina kamadzatema ife anthu.

Kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo

Banja la Salmonella ndi lalikulu. Mmodzi wa m'banjali ndi amene amayambitsa tayifodi. Yemwe tikukamba pano ndi msuweni wake wotchedwa Salmonella Typhimurium.

Ku Ulaya ndi ku America, munthu akadya nkhuku kapena mazira osapsa bwino okhala ndi kachiromboka, amatsegula m'mimba masiku angapo kenako n'kuchira, nthawi zambiri osamwa n'komwe mankhwala.

Kuno kwathu nkhani yake ndi ina. Kachiromboka sikathera m'matumbo ayi, kamalowa m'magazi. Wodwala amatentha thupi, amafooka, ena amapuma movutika, ndipo ambiri satsegula n'komwe m'mimba. N'chifukwa chake makolo, ngakhalenso achipatala, amayamba aganiza za malungo kapena chibayo.

Amene kamakonda kuwagwira ndi ana aang'ono omwe akudwala kapena angodwala kumene malungo, ochepa magazi ndi onyentchera, komanso akuluakulu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika chifukwa cha HIV.

Pakati pa 1998 ndi 2004, madotolo a ku Gulupu mogwirizana ndi bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome adapeza Salmonella wosakhala wa tayifodi m'magazi a odwala pafupifupi 5 000, ana ndi akulu omwe. Mwa odwala asanu aliwonse, mmodzi kapena kuposerapo ankamwalira. Padziko lonse, akatswiri adawerengera kuti m'chaka cha 2017 chokha anthu 535 000 adadwala matendawa ndipo 77 500 adafa nawo, ambiri mwa iwo a muno mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Vuto lidakula cha m'ma 2002 pomwe mankhwala a chloramphenicol, omwe madotolo ankadalira, adasiya kugwira ntchito pa kachiromboka. Apa n'kuti ampicillin ndi cotrimoxazole, uja timamudziwa kuti Bactrim, atagonja kale. Zidatengera kusamukira ku mankhwala ena okwera mtengo.

Funso lidavutitsa madotolo lidali loti: zikutheka bwanji kuti kachirombo ka dzina limodzi kazingopweteketsa m'mimba ku London koma n'kumapha ana ku Ndirande? Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, tonse tiwiri timaoneka chimodzimodzi. Yankho lidayenera kukafunidwa m'kati mwenimweni.

Nako kachirombo kamadwala

Pa Chichewa timangoti tizirombo, koma tili m'magulu. Awiri odziwika kwambiri ndi mabakiteriya ndi mavairasi.

Bakiteriya ndi kamoyo kodzidalira. Amadya, amakula, n'kudzigawa pawiri. Ndi wamng'ono zedi moti mazanamazana atandandalika pamzere angokwana milimita imodzi pa lula ya mwana wasukulu. Kolera, TB ndi tayifodi amayamba ndi mabakiteriya.

Vairasi ndi wocheperapo kwambiri ndipo sangaswane payekha. Amayenera kulowa m'selo la chamoyo china n'kuligwiritsa ntchito. HIV, chikuku ndi Covid-19 ndi za m'gulu limeneli.

Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti alipo mavairasi omwe sagwira munthu, nyama kapena mbewu. Iwo amagwira mabakiteriya basi. Asayansi amawatcha bacteriophage, kapena mwachidule phage, kutanthauza wodya mabakiteriya. Adawatulukira ndi Frederick Twort wa ku England mu 1915 ndi Félix d'Hérelle ku Paris mu 1917. Ali paliponse: m'madzi a pachitsime, m'dothi la kumunda, ngakhale m'matumbo mwanu muno. Musachite mantha, paokha sangakudwalitseni.

Vairasi wotereyu akapeza bakiteriya amatera pakhungu lake n'kulavuliramo malangizo ake. Kuchokera apo pali njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yauchifwamba. Amalanda zipangizo zonse za bakiteriya, n'kupanga ana ake makumimakumi kapena mazana, kenako bakiteriya uja amaphulika n'kufa. Zonsezi zimatha kuchitika ola lisadakwane.

Njira yachiwiri ndi yaulendi. Vairasi saononga kanthu. Amasokerera malangizo ake pakati pa malangizo a bakiteriya n'kugona tulo. Bakiteriya akamadzigawa, amakoperanso mlendo uja n'kupatsira ana ake, adzukulu, mpaka mibadwomibadwo. Vairasi wogona choteroyo ndiye amatchedwa prophage, dzina lomwe lidachokera kwa katswiri wa ku France, André Lwoff, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1965.

Lwoff ndi anzake adaonetsa kuti mlendoyu sagona mpaka kalekale. Nyumba ikayamba kugwedezeka, mwachitsanzo bakiteriya akavulazidwa ndi kuwala kwamphamvu kapena mankhwala ena, mlendo amadzuka, kupanga ana, kuphwasula nyumba n'kukafuna kwina kokhala.

Koma tonse tikudziwa kuti wa lendi sakhala ulere. Nayenso vairasi amalipira. Ena amabweretsera mwininyumba malangizo opangira poizoni. Ena amamubweretsera chovala chozembera adani. Ena amakhala ngati mlonda wa pakhomo. Apa m'pamene nkhaniyi imayamba kutikhudza ife.

Kuwerenga buku la zilembo zinayi

Chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, chimanga, nkhuku kapena bakiteriya, chili ndi buku la malangizo m'maselo mwake. Bukuli ndi lomwe asayansi amalitcha DNA. Lidalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zomwe zikuimira mitundu inayi ya timakemikolo totungidwa ngati mikanda pa ulusi. Ndime iliyonse ya bukuli imauza selo kapangidwe ka chinthu chimodzi, kaya ndi khungu, mchira wosambirira kapena poizoni.

Munthu woyamba kuwerenga buku lathunthu la DNA adali Frederick Sanger wa ku Cambridge, mu 1977. Ndipo buku lomwe adawerengalo lidali la vairasi wodya mabakiteriya, la zilembo zongopitirira pang'ono 5 000. Padapita zaka 18 kuti buku loyamba la bakiteriya liwerengedwe lonse, mu 1995. La kachirombo ka kolera lidatuluka mu 2000.

Buku la D23580 lili ndi zilembo pafupifupi 4.9 miliyoni. Mutati muzitchula chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, osagona osadya, mungatenge pafupifupi miyezi iwiri.

Makina sawerenga choncho. Akatswiri amatulutsa DNA kuchokera m'mabakiteriya ambirimbiri a mtundu umodzi n'kuiduladula. Makina amawerenga kachidutswa kalikonse, ndipo kompyuta imalumikiza tizidutswato poona pomwe tikufanana. Zili ngati kutenga nyuzipepala makumi asanu za tsiku limodzi, kuzing'amba mosiyanasiyana, kenako n'kubwezeretsa tsamba lonse poona pomwe mawu a chidutswa china akupitirira pa chinzake.

Buku likalumikizika, amaliyerekeza ndi mabuku a abale ake. Apa m'pomwe alendo amagwidwira. Tiyerekeze mukuwerenga buku la Chichewa, mwadzidzidzi n'kupeza masamba angapo a Chitumbuka pakati, kenako Chichewa n'kupitirira pomwe chidalekezera. Simungakaike kuti masambawo adachita kuikidwamo. Ndime za vairasi nazo zimadziulula, chifukwa zimakamba za kapangidwe ka mutu ndi mchira wa vairasi, zinthu zomwe bakiteriya alibe nazo ntchito.

Kale ntchitoyi inkatenga zaka ndi ndalama zankhaninkhani. Lero imatheka m'masiku ochepa, ndipo makina ena ndi olowa m'thumba la malaya.

Alendo awiri a ku Blantyre

Buku la D23580 adaliwerengera ku Sanger Institute, pafupi ndi mzinda wa Cambridge ku England, malo omwe adatchedwa dzina la Frederick Sanger yemwe uja. Zotsatira zidatuluka mu 2009. Mwa omwe adagwira ntchitoyi mudali Robert Kingsley, Mmalawi Chisomo Msefula, Sam Kariuki wa ku Kenya ndi Melita Gordon yemwe wafufuza za matendawa ku Blantyre kwa zaka zambiri.

Adapeza kuti Salmonella wakupha anthu ku Malawi ndi ku Kenya ndi fuko lapadera, losiyana ndi la ku Ulaya. Fukoli limadziwika ndi nambala yoti ST313. Ndime zina za buku lake zidafufutika, monga zidachitikiranso ndi msuweni wake wa tayifodi yemwe amakhala mwa anthu okhaokha. Malangizo okanira mankhwala adawapeza pa kalupu kapadera ka DNA komwe mabakiteriya amatha kupatsirana. Ndipo m'buku lenilenilo mudali mavairasi asanu athunthu ogona.

Kafukufuku wa 2012 adaonetsa kuti fukoli lili ndi nthambi ziwiri zomwe zidafalikira mu Africa nthawi yomwe HIV inkafalikiranso, ndipo nthambi yachiwiri, yosamva chloramphenicol, idalowa m'malo mwa yoyamba. Izi zidagwirizana ndendende ndi zomwe madotolo a ku Gulupu adaona ndi maso awo cha m'ma 2002.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Padatenga mpaka 2017 kuti alendo asanu aja afufuzidwe mmodzimmodzi. Ntchitoyi adaigwira ndi Siân Owen ndi anzake mu labotale ya Pulofesa Jay Hinton pa yunivesite ya Liverpool.

Atatu mwa alendowo adali odziwika kale m'mabanja ena a Salmonella, koma mwa D23580 adapezeka olumala. Zilembo zina m'malangizo awo zidasintha moti sangathenso kudzuka bwinobwino n'kutuluka. Adasanduka akaidi m'nyumba yomwe adalowamo ngati alendo.

Awiri enawo ndi aja achilendo, BTP1 ndi BTP5. Zilembo za BTP zikuimira Blantyre Prophage.

BTP1 adadabwitsa anthu. Iye ndi wa zilembo pafupifupi 40 000, ndipo tulo take ndi tochepa. Ngakhale popanda womuputa, mwa mabakiteriya 1 000 aliwonse, awiri amaphulika chifukwa choti iye wadzuka. Mwa njira imeneyi, mililita imodzi ya madzi oweteramo mabakiteriyawa imadzaza ndi mavairasi okwana 1 biliyoni. Kumbukirani kuti supuni ya tiyi imalowa mamililita asanu.

Chaka chomwecho cha 2017, a zaumoyo ku England, omwe amawerenga buku la Salmonella aliyense wopezeka mwa odwala, adapeza kuti nakonso kuli achibale a fuko la ST313. Koma a kumeneko ambiri amangotsegulitsa m'mimba, amamva mankhwala, ndipo BTP1 ndi BTP5 alibe. Nthambi ziwiri za ku Africa zija zonse zili nawo. Motero alendo awiriwa ali ngati mphini za pankhope: ukaziona umadziwa komwe munthu wachokera.

Amkati ndi lupanga, kukhala ndi mlonda

Kodi lendi yomwe BTP1 amalipira ndi yotani kuti mwininyumba azilolera kutaya ana ake ena tsiku ndi tsiku?

Mbali ina ya malipirowo ndi chovala. BTP1 ali ndi malangizo osinthira khungu lakunja la bakiteriya, zomwe zimachititsa kuti mavairasi ena alephere kuteraponso.

Mbali ina ndi ndime yomwe lero imatchedwa bstA. Poyamba akatswiri ena adaganiza kuti imeneyi ndiyo lupanga lothandiza kachiromboka kulowa m'magazi a munthu. Koma mu 2021 Owen ndi anzake adaonetsa kuti ntchito yake ndi yaulonda. Vairasi wina wachifwamba akalowa m'bakiteriya wokhala ndi BTP1, mlondayu amalepheretsa chifwambacho kuswana. Bakiteriya wogwidwayo amafa, koma amafa ndi mdani wake yemwe, ndipo abale ake oyandikana naye amapulumuka. Zili ngati kugwetsa nyumba imodzi kuti moto usafike kumudzi wonse. Pomwe BTP1 mwiniwake ali ndi kachizindikiro komwe mlondayo amakazindikira n'kumulola kudutsa.

Umu ndi mmene sayansi imayendera. Wina amanena zomwe waona, mnzake n'kuyesanso, ndipo ngati woyamba adaphonya, zimakonzedwa poyera.

Kuwerenga mabukuwa kudaululanso zina. Mu 2016 m'dziko muno mudatulukira nthambi yachitatu ya ST313, yomwe imamva mankhwala akale aja. Ndipo ofufuza atayendera makomo a odwala ku Blantyre, n'kuyeza chimbudzi cha apabanja, ziweto ndi malo ozungulira nyumba, kachirombo kofanana ndi ka wodwala adakapeza mwa anthu a m'nyumbamo, osati mwa ziweto. Zotsatirazi, zomwe zidatuluka mu 2022, zikuloza kuti fuko limeneli timapatsirana tokhatokha. Ndiye kuti kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, posintha mwana thewera ndi pokonza chakudya si nkhani yamasewera.

Kolera: pano ndiye kalumo kadatema

Ngati mlendo wa ku Blantyre ndi mlonda, wa mu kolera ndi wosula mipeni.

Bakiteriya wa kolera, Vibrio cholerae, kwawo ndi m'madzi, makamaka m'mphepete mwa nyanja zamchere ndi pomwe mitsinje imathira. Mitundu yake ilipo yambiri, ndipo yochuluka siyambitsa mliri. Mu 1996, Matthew Waldor ndi John Mekalanos a pa yunivesite ya Harvard ku America adatulukira chifukwa chake. Malangizo opangira poizoni wa kolera si a bakiteriyayu. Ndi katundu wa vairasi wooneka ngati kaulusi, wotchedwa CTX, wa zilembo pafupifupi 7 000 zokha. Bakiteriya wopanda mlendoyu sangapange poizoniyo. Akangomulandira, wasanduka chigawenga.

Poizoniyu ndi amene amalamula matumbo kuti atulutse madzi ndi mchere mosalekeza. N'chifukwa chake wodwala kolera amatsegula m'mimba zooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamkulu atha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Kwa bakiteriya ndi mlendo wake, imeneyo ndi thiransipoti yaulere yopitira kwa munthu wina.

Amalawi sitifunika kuuzidwa za ukali wa kolera. Mliri womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangoononga zimbudzi ndi zitsime, udafika m'maboma onse. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulira. Pofika kumapeto kwake, anthu pafupifupi 59 000 adali atadwala ndipo oposa 1 700 adamwalira. Sikudachitikepo mliri wa kolera wakupha anthu ochuluka chotere chiyambireni pomwe matendawa adafika m'dziko muno mu 1973.

Ambiri adafunsa kuti: kolera timakhala naye pafupifupi dzinja lililonse, nanga ameneyu wachokera kuti?

Gulu la akatswiri motsogozedwa ndi Mmalawi Chrispin Chaguza lidawerenga mabuku a tizirombo totengedwa mwa odwala a mliriwu, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2024. Adapeza kuti tambiri tidali ta nthambi yomwe idali itangolowa kumene mu Africa kuchokera ku Asia, osati zotsalira za miliri yathu yakale. Vairasi wa CTX yemwe adali m'kati mwake adanyamula mtundu wa poizoni wotchedwa ctxB7, womwe udayamba kuoneka ku India ndipo udapezekanso pa mliri woopsa wa ku Haiti wa 2010.

Aka sikadali koyamba. Kafukufuku wa 2017 adaonetsa kuti kuyambira 1970 kolera walowa mu Africa kuchokera ku Asia kosachepera ka 11. Amabwera m'mimba mwa anthu apaulendo, ena mwa iwo osadwala n'komwe. Akafika n'kupeza madzi osatetezeka ndi makomo opanda zimbudzi, amakhazikika.

Si kolera yekha

Nkhani ya mlendo wobweretsa poizoni idayamba kudziwika mu 1951, pomwe Victor Freeman ku America adaonetsa kuti bakiteriya wa diphtheria, matenda otseka kukhosi, amayamba kupanga poizoni pokhapokha vairasi wina akamulowa. Katemera uja ana amabayidwa kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, yemwe amayi amamudziwa kuti penta, mwa zina amaphunzitsa thupi kulimbana ndi poizoni ameneyu.

Mu 2011 ku Germany anthu pafupifupi 4 000 adadwala ndipo oposa 50 adamwalira atadya mphukira za mbewu zosaphika. Ambiri ankatsegula m'mimba za magazi ndipo impso za ena zidasiya kugwira ntchito. Buku la kachiromboko lidawerengedwa m'masiku ochepa mliri uli m'kati. Kadali ka mtundu wa E. coli komwe kale kankangotsegulitsa m'mimba, koma kadali katalandira vairasi wonyamula poizoni woopsa wotchedwa Shiga.

Pa matenda a mtundu umenewu pali phunziro lina. Mankhwala ena opha mabakiteriya amagwedeza nyumba ija, mlendo n'kudzuka, ndipo akadzuka poizoni amachuluka. N'chifukwa chake madotolo amasamala kwambiri asadapereke mankhwala oterewa kwa munthu wotsegula m'mimba za magazi. Wogulitsa makapisozi pagolosale kapena pamsika sangazidziwe zimenezi.

Nanga ife titolepo chiyani?

Wina atha kunena kuti izi ndi za anthu a majasi oyera, ife a pa Mponela, Luchenza kapena Jenda sizikutikhudza. Koma zikutikhudza, ndipo zambiri zoyenera kuchita zili m'manja mwathu.

Choyamba, si kutentha thupi kulikonse komwe kuli malungo, ndipo mwana atha kukhala ndi malungo pamodzi ndi kachirombo kena m'magazi, monga zidalili ndi mwana wa ku Gulupu uja. Mwana akamwa mankhwala a malungo koma thupi osazizira, kapena akafooka, kukana kuyamwa, kupuma mobanika, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri, lekani kugula makapisozi mwachisawawa kapena kugawana otsala a mnzanu. Kumwa mankhwala osayenera, ngakhalenso kulekezera panjira omwe adokotala apereka, kumapha tizirombo tofooka n'kusiya tolimba kuti tiswane. Umu ndi mmene tidatayira chloramphenicol.

Chachitatu, ofufuza a ku Blantyre adaona kuti matenda a Salmonella wa m'magazi adatsika pakati pa ana pomwe malungo, kunyentchera ndi HIV zidayamba kuchepa. Ndiye kuti kugona m'neti, kudyetsa ana zakudya zakasinthasintha ndi kumwa ma ARV mokhulupirika ndi zida zolimbanirana ndi kachiromboka. Katemera wa tayifodi yemwe boma lidayamba kupereka kwa ana mu 2023, atayesedwa pa ana pafupifupi 28 000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndi wofunika kwambiri, koma amateteza ku tayifodi yekha, osati kwa msuweni wakeyu.

Chachinayi, pa kolera chakupha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, apitirize kumwa ali panjira yopita kuchipatala. Wodwala kwambiri akapanda kuthandizidwa, mpata woti amwalira umatha kufika theka. Akathandizidwa msanga, mwa odwala 100 amene amamwalira sakwana ndi mmodzi yemwe. Thirani kolorini kapena WaterGuard m'madzi akumwa, apo ayi muwawiritse, ndipo katemera wakumwa wa kolera akafika m'dera lanu, kalandireni.

Chomaliza ndi nkhani ya magazi. M'dziko muno kutenga magazi kumadzetsa mantha ndi mphekesera. Tikukumbuka za anamapopa mu 2002 ndi mu 2017, pomwe anthu osalakwa adaphedwa m'maboma ena a kum'mwera. Koma magazi omwe namwino amatenga kwa mwana wodwala kuti akayezedwe ndi ochepa, ndipo ndi okhawo angauze dokotala dzina la mdani ndi mankhwala omwe angamugonjetse. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akutengerani chifukwa chiyani ndipo zotsatira zituluka liti. Funsani, koma musathawe naye mwana.

Masiku ano ntchito yowerenga mabuku a tizirombo ikuchitikanso konkuno, m'malabotale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ena mwa oigwira ndi ana athu omwe adaphunzira m'sukulu zathu zomwezi. Mliri wina ukadzabuka, sipadzafunikanso kudikira zaka kuti tidziwe kuti mlendo ndani, wachokera kuti ndipo wanyamula chiyani.

Tizirombo ta m'botolo la 2004 lija tikadali m'mafiriji a m'maiko osiyanasiyana, ndipo akatswiri akutiwerengabe. Zonsezi zidachokera pa timagazi ta mwana mmodzi yemwe adafika naye kuchipatala thupi litatentha.